Tinapitadi ku Blenheim Palace ndi amayi

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha nditafunsa za ulendo wa ku Blenheim Palace, chinyumba chachikulu chakale cha ku Woodstock ku England, ndi amayi, omwe abwera kudzationa kuchokera ku Zomba ndipo mawondo amawavuta. Tinatsatira malangizo oti tigule matikiti pa intaneti, tipite mkati mwa sabata, ndipo tikwere basi ya m'mawa yochoka ku Oxford kupita ku Woodstock. Zinayenda bwino, anthu sanali ambiri.

Tinayambira m'nyumbamo. Amayi anaima kanthawi m'chipinda chimene Winston Churchill, yemwe anadzakhala nduna yaikulu ya Britain, anabadwira mu 1874, akudabwa kuti chinyumba chonsechi, iye n'kubadwira m'kachipinda wamba. Koma chimene chinawakhudza mtima ndi nyanja ya pamalopo. Nditawauza kuti ndi yopangidwa ndi anthu, kuti katswiri wokonza minda, Capability Brown, anatseka mtsinje wa Glyme m'zaka za m'ma 1760, anangokhala pansi phee, maso ali pa madzi ndi mlatho wamiyala. Sindinafune kuwafulumiza.

Kwa inu amene mukupita ndi achikulire, malowo ndi aakulu zedi, musayese kuwazungulira onse. Ife tinakwera kasitima kakang'ono kopita ku Walled Garden, munda wozunguliridwa ndi khoma, mawondo a amayi anapumako. Tenganinso majekete, mphepo ya kunyanjako imazizira ngakhale dzuwa likuwala.