Chikwama cholowa nacho m'ndege: ndiikemo chiyani, ndisiye chiyani?

Mwini funso:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru inu okwerakwera ndege. Ndili ndi ulendo wa kuntchito, ndipo pakati panjira ndikasintha ndege. Pa tikiti alemba kuti chikwama cha m'manja chisapose makilogalamu 7. Ndayeza kasutikesi kanga ka mateyala kopanda kanthu, sikelo yaloza pafupifupi 3. Ndikaikamo laputopu ndi chaja chake, otsala ndi 2 okha. Chonsecho ndili ndi mankhwala a BP omwe ndimamwa tsiku ndi tsiku, pawabanki, mafuta odzola ndi perefyumu. Ena akuti zonse ndiponye m'chikwama chachikulu ndikalowe chimanjamanja, ena akuti chachikulucho chimasochera. Ndimve ziti? Komanso n'zoona kuti achitetezo amalanda ndi mafuta odzola omwe?

Woyendayenda:
Achemwali, amene akuti mulowe chimanjamanja sanaimepo pa lamba wa katundu mpaka anthu onse kutha, chikwama chawo osatuluka. Katundu amatsalira kwambiri posintha ndege pomwepo, makamaka nthawi ya pakati ikakhala yochepa. Inu mumathamanga n'kukwera, chikwama sichithamanga. Nthawi zambiri chimabwera ndithu, koma mawa kapena mkuja. Ndiye dzifunseni funso limodzi: chachikulu chitapanda kufika, ndingagone ndi kukalowa ntchito mawa lake ndi zimene zili m'manja? Pasipoti, mapepala a ulendo, mankhwala, laputopu, chaja, zovala zamkati ndi chovala chimodzi chooneka bwino, zimenezi zisachoke kwa inu. Nsapato zachiwiri, thaulo ndi zina zonse zipite m'chikwama chachikulu.

Kasutikesiko kasiyeni. Kakudya pafupifupi theka la makilogalamu anu kasananyamule kalikonse. Chikwama cha kumsana chansalu sichifika ndi kilogalamu imodzi yomwe.

Namwino wopuma:
Za mankhwala ndiyankhe ine. Musawachotse m'mapaketi awo n'kuwathira m'kabotolo kamodzi pofuna kusunga malo. Wachitetezo akaona mapilitsi opanda dzina, mafunso amachuluka. Akhale m'paketi yake yolembedwa, ndipo tengani pepala la dokotala lonena dzina la mankhwalawo ndi kamwedwe kake. Tengani oposa masiku a ulendo, chifukwa ndege zimachedwa ndipo zina zimalephereka. A BP sakhala ndi vuto kawirikawiri, koma ngati pali opha ululu okhala ndi codeine, fufuzani malamulo a dziko lomwe mukupita ndi lomwe mukasinthire ndege. Ku United Arab Emirates, mwachitsanzo, codeine ali m'gulu la mankhwala otetezedwa ndi lamulo, salowa mwachisawawa. Kwa anzathu a shuga amene akuwerenga, insulin asapite m'chikwama chachikulu. Mankhwala amadzi ofunikira paulendo amaloledwa ngakhale apose mlingo wa zamadzimadzi, bola muwaonetse nokha asanakufunseni.

Mwini funso:
Zikomo mayi. Mlingo wa zamadzimadziwo ndi uti kwenikweni? Mafuta anga ali m'botolo la 200 ml koma atsala pang'ono pansi.

Woyendayenda:
Limenelo likatsala pa thebulo lawo. Sayeza zimene zatsalamo, amawerenga zimene zalembedwa pabotolo. Botolo lililonse lisapose 100 ml, ndipo onse alowe m'kathumba kamodzi ka pulasitiki koonekera mkati, kotseka pakamwa, ka lita imodzi. Lamuloli linayamba mu 2006, apolisi a ku Britain atagwira anthu omwe ankakonza zophulitsa ndege zochoka ku London ndi mabomba amadzi obisidwa m'mabotolo a zakumwa. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti kwa iwo chamadzimadzi ndi chilichonse chothirika, chopakika kapena chopopera. Mankhwala otsukira mano, mafuta olimba aja a m'chitini, zopaka kumaso, mafuta a tsitsi, zonse n'zamadzimadzi. Koma sopo wa mtanda amadutsa mopanda funso.

Mayi wa mapasa:
Koma zimenezo zikutha. Ine ndinadutsa pabwalo lina osatulutsa kanthu m'chikwama, botolo la madzi lili momwemo.

Woyendayenda:
N'zoona mayi, mabwalo ena aika makina atsopano ounikira katundu ndipo afewetsa lamuloli. Koma si onse. Achemwaliwa mwina akasechedwanso posintha ndege, ndipo pobwerera adzanyamukira pabwalo lina. Kulongedza motsatira bwalo lokhwimitsa kwambiri ndiye kosavutitsa mutu.

Mayi wa mapasa:
Chabwino, pamenepo ndavomera. Ndiwonjezere kwa oyenda ndi makanda kuti mkaka ndi chakudya cha mwana amalola kuposa 100 ml. Ndipo botolo la madzi tengani lopanda kanthu, mukadzaze mutadutsa achitetezo. Mpweya wa m'ndege ndi wouma, kukhosi kumachita gwa.

Wokonza mafoni:
Pawabanki ija musayerekeze kuiika m'chikwama chachikulu. N'zoletsedwa, ndipo makina akaiona amatsegula chikwamacho kapena kuchitsitsa. Mabatire a lithium akaphwanyika kapena kutentha kwambiri amayaka okha. Moto ukabuka pamene pakhala anthu, ogwira ntchito m'ndege amauona msanga n'kuuzimitsa, pomwe pansi posungira katundu palibe woona. Malire ake ndi 100 Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu yomwe batire imasunga) popanda kupempha chilolezo. Kuyambira pamenepo mpaka 160 Wh pamafunika chilolezo cha kampani ya ndege, yoposa apo sikwera n'komwe. Ambiri timangodziwa mAh, nambala yaikulu ija yolembedwa pa pawabanki, ndiye werengani chonchi: ya 20,000 mAh pa mavoti 3.7 ndi 74 Wh (20,000 kuchulukitsa ndi 3.7, kugawa ndi 1,000), ilibe vuto. Ya 27,000 mAh ili pa malire enieni. Onetsetsani kuti manambala ali pathupi pake akuwerengeka, chifukwa yofufutika achitetezo ena amaikana. Makampani ena tsopano salolanso kuchajira foni ndi pawabanki muli m'mwamba, ndiye foni ikwere yodzaza kale.

Kamnyamata ka pagulu:
Za makilogalamu 7 musavutike nazo aunt, sayeza. Ingoyendani molimba mtima.

Woyendayenda:
Achimwene, mwina inu munali ndi mwayi. Ena amayeza polembetsa katundu, ena pa geti penipeni, ndipo kulipira pa geti kumakhala kodula kuposa kulipiriratu. Kukula kwa chikwama nakonso amaona. Makampani ambiri amafuna cha m'ma 55 cm kutalika, 40 mulifupi ndi 20 kapena 23 kunenepa, kuwerengera mateyala ndi zogwirira zomwe. Kampani iliyonse ili ndi zake, ndiye ngati ndege ziwirizo n'zamakampani osiyana, tsatirani yomwe ikulola zochepa. Onaninso ngati tikiti yanu ikulola kachikwama kachiwiri kakang'ono kolowa pansi pa mpando. Ngati ikulola, laputopu ipite mmenemo, nkhani ya makilogalamu yatha. Jekete ndi nsapato zolemera valani pathupi, munthu samuyeza.

Wogwira ntchito m'ndege:
Pali chimodzi chomwe sichinatchulidwe. Ndege ikakhala yaing'ono kapena mashelefu a pamwamba akadzaza, chikwama cha m'manjacho timachitenga pakhomo n'kuchitumiza pansi. Pamenepo mumakhala ndi mphindi imodzi, anthu ali pamzere kumbuyo kwanu. Choncho pasipoti, mankhwala, pawabanki ndi laputopu zikhale pamwamba kapena m'kathumba kawokawo kongosolola. Kathumba ka zamadzimadzi nakonso kakhale pafupi, kuti musamakhuthule zovala zamkati pamaso pa anthu pofuna kukatulutsa. Mpeni, lezala zosolola ndi sizasi zazitali zipite m'chachikulu. Cholembera chimodzi musaiwale, mayiko ena amaperekabe mafomu olemba musanatere.

Mwini funso:
Mwandithandiza kwambiri. Ndayeza chikwama cha kumsana ndi zonse mwatchulazi, zakwana 5 ndi theka. Perefyumu ndi wa 50 ml, ndiye akwera nane. Latsala funso limodzi: ndikagula perefyumu wamkulu m'mashopu a mkati mwa bwalo, posintha ndege sakandilanda?

Wogwira ntchito m'ndege:
Auzeni ogulitsa kuti mukasintha ndege. Amamuika m'thumba lapadera lomata, lisiti ili mkati moonekera. Musalitsegule mpaka mutafika. Ngakhale zili choncho, mabwalo ena amavutabe, ndiye ngati mungathe kagulireni pabwalo lomwe mukasinthirepo, mutadutsa kale achitetezo a kumeneko.