Ndithandizeni abale, thrush yakana kutha, ndimusiyitse bere mwanayu?

Membala wobisa dzina: Admin chonde mundibisire dzina. Amayi anzanga ndatopa ine. Uno ndi mwezi wachiwiri ndikulimbana ndi thrush. Mwana ali ndi zoyerayera m'kamwa, palilime ndi m'masaya mkatimu, zooneka ngati mkaka wogwirana koma ukapukuta sizichoka. Kuchipatala anatipatsa nystatin, zinatha, patangopita masiku ochepa zabwerera. Tinapitanso, nystatin yemweyo, zinathanso, pano zabwera kachitatu. Ineyo nsonga za mabere zikuwotcha ngati ndaziyandikiza kumoto, makamaka akangomaliza kuyamwa, ululu umalowa mkati ngati singano. Usiku ndimachita kuluma nsalu kuti ndisakuwe. Ndiye kunyumba kuno apongozi anabwera ati kudzathandiza kwa masabata awiri, mpaka lero chikwama chawo sichinasunthe. Iwo akuti mkaka wanga ndi woipa, mwana wawo sanadwalepo zotere. Bambo a mwana akangomva kulira amanyamula pilo n'kukagona pabalaza, m'mawa n'kumandifunsa kuti nkhope yakwinyika bwanji. Mlamu wanga nayenso amabwera kudzajambula mwana n'kumapita, ngakhale thewera limodzi sanachapepo. Namwino amene tinamupeza ulendo wachiwiri sanandiyang'ane n'komwe, maso pafoni. Nditani ine? Ndimusiyitse?

Gogo wa Zidzukulu 9: GV mwanawe. GV BASI. Ndalera ana 6 ndi zidzukulu 9, onse anadutsa m'manja mwangamu. Umapaka m'kamwa mwa mwana, iye akayamwa amapakanso bere, nkhani yatha. Ana a masiku ano mumakonda mankhwala a mayina ovuta kutchula.

Mayi Wofatsa: Pepani kwambiri achemwali, ululu umenewo ndimaudziwa. Musamusiyitse ayi.

Mzamba Wopuma: Amayi, tisanapite patali ndiyankheni izi. Mwana ali ndi miyezi ingati? Inuyo mukupaka chiyani kumabereko? Nystatin mumamupatsa masiku angati musanasiye? Ndipo inu kapena mwana munamwapo maantibayotiki posachedwapa?

Mpongozi Ndine: Ine pamene pandiwawa ndi pa apongozipo. Munthu wasiya nyumba yake kubwera kudzakuthandizani, inu n'kudzamuyalutsa pagulu la anthu masauzande. Tsiku lina mudzakhala apongozi inunso.

Membala wobisa dzina: Mpongozi Ndine, kuthandiza kwake kuti? Dzulo anamutenga mwana ndili m'bafa n'kumamukwecha lilime ndi kansalu mpaka kutuluka timagazi. Ndikawauza akuti ndine wamwano.

Gogo wa Zidzukulu 9: Apa pokha ndili mbali yako mwanawe. Zoyerazo sakwecha. Zikakhala za mkaka zimachoka zokha ukangopukuta pang'ono, zikakakamira ndiye matendawo, ukazikwecha pamatsala pofiira pa chilonda. Auze apongozi akowo kuti wanena ndi gogo. Koma GV.

Wa Kafukufuku: Gogo, ulemu wanu, koma GV ameneyu anthu akumusamala masiku ano. Mu 2019 bungwe la Health Canada linachenjeza kuti gentian violet, amene ndi GV yemweyu, angathe kuonjezera chiopsezo cha khansa, ndipo mankhwala okhala ndi GV anachotsedwa pamsika kumeneko. Komanso akakhala wamphamvu kwambiri kapena mukapaka masiku ambiri amayambitsa zilonda m'kamwa mwa khanda. Kumene amamugwiritsabe ntchito m'kamwa amakhala wosungunula, 0.25%, ndipo ndi achipatala amene amanena. Si wongotenga botolo la pabala n'kumuthira mwana.

Gogo wa Zidzukulu 9: Canada ndi kwanu? Ana anga onse ali moyo, wina ndi wamkulu kuposa iwe.

Wa Kafukufuku: Sindinanene kuti anamwalira gogo.

Gogo wa Zidzukulu 9: Ndiye ukunena chiyani?

Bambo Wongodutsa: Ife abambo tikamagona pabalaza ndiye kuti tikukusiyirani malo oti mutambasuke ndi mwana. Ndi chikondi chimenecho, kungoti simuyamika.

Mayi wa Mapasa: Bambo Wongodutsa dutsani ndithu. Achemwali, ndikuuzeni zanga mwina zikuthandizani. Ine mapasa anga ali aang'ono ndinauzidwa kuti ndili ndi thrush, ndinapaka mafuta milungu ndi milungu, ndinamwa mapiritsi, ndinataya ma bra atatu poganiza kuti ndi amene akusunga matenda. Ululu osasintha. Ndinafika poti ndikamva mmodzi akuyamba kudzuka, thupi lonse linkachita thukuta ndi mantha. Tsiku lina namwino wina wachikulire anangoti, yamwitsani ndione. Anakhala phee kuyang'ana. Mwana atalavula bere anandiuza kuti ndiyang'ane nsonga. Inali yaphwatalala, yopendekera mbali imodzi ngati lipisitiki yatsopano. Akuti mwanayo ankangoluma kunsonga kokha, n'kumaipanikiza ndi nkhama. Anandionetsa kumuyandikiza mimba yake igunde yanga, mphuno yake iyang'anizane ndi nsonga, kudikira ayasamule kwambiri kenako n'kumubweretsa msanga kubere, chibwano chikhudze bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja, gawo lakuda lija lilowe lambiri m'kamwa. Abale, tsiku lomwelo ndinamva kusiyana. Winayo anapezeka kuti kachingwe kapansi pa lilime n'kakafupi, lilime silinkatuluka bwino. Thrush ndinalibe n'komwe. Miyezi yonseyo ndinkalimbana ndi mdani amene kunalibe. Ndiye inu musanapitirire, wina akuoneni mukuyamwitsa.

Mayi Wofatsa: Komatu wa iwowa mwana ali ndi zoyera zosachoka, si zofanana ndi zanu.

Mayi wa Mapasa: Zimatheka zonse ziwiri. Akamayamwa molakwika nsonga imang'aluka, ndipo pong'alukapo ndi pamene matenda amapezerapo mpata.

Zitsamba Zenizeni: Ndili ndi mankhwala othetseratu vuto limeneli m'masiku awiri, bwerani ku inbox.

Admin: Zitsamba Zenizeni, malonda pano ayi. Kachiwiri tikuchotsani.

Mlongo Wosabisa Mawu: Palibe amene akunena ndiye ndinene ine. Thrush yobwerabwera, kayezetseni magazi. HIV ndi shuga. Inu ndi mwana yemwe.

Mpongozi Ndine: Koma anthu inu mulibe chisoni. Munthu akulira ndi mabere inu mwamupatsa kale matenda ena.

Mlongo Wosabisa Mawu: Ndamupatsa ndine? Candida, fangasi amene amayambitsa thrush, amakhala m'thupi mwa aliyense, pakhungu, m'kamwa, m'matumbo, ndipo savuta mpaka chitetezo chitatsika kapena shuga atakwera m'magazi. Ine mauka ankandibwerera mwezi ndi mwezi, ndinkangogula mankhwala, kudzayezetsa ndi pamene anandipeza ndi shuga. Zaka ziwiri ndikuchiza nthambi muzu uli pomwepo. Ndipo ngakhale munayezetsa muli oyembekezera, poyamwitsa amayezanso, chifukwa munthu atha kutenga kachilombo ka HIV nthawi imeneyi. Ngati mayi ali nako, nsonga zong'aluka ndi zilonda m'kamwa mwa mwana zimaonjezera mpata wopatsira mwanayo. Kudziwa kumathandiza, akumwa ma ARV mokhulupirika amayamwitsa bwinobwino. Chonyoza chili pati apa?

Gogo wa Zidzukulu 9: Kale kunalibe zoyezayeza zonsezi. Vuto ndi ma bra anuwa. Mumamanga mabere usana ndi usiku, mkaka ukudontha, mkati muli chinyezi ngati m'dambo, ndiye mukudabwa? Tulutsani mabere apume mphepo!

Wa Kafukufuku: Apa ndiye mwalasa gogo. Candida amakonda malo ofunda ndi onyowa.

Gogo wa Zidzukulu 9: Sindikufuna chivomerezo cha ku Canada ine.

Mayi Waukhondo: Ine yanga inatha nditasintha kachapidwe. Ma bra, matawulo, tinsalu tonse tokhudza bere ndi pakamwa pa mwana, madzi otentha ndithu, a pamakina ndi madigiri 60. Kuyanika padzuwa mpaka ziume gwa, kenako kusita. Tawulo langa ndekha, osabwerekana ndi aliyense. Timapadi toika mu bra kusintha tikangonyowa, tokhala ndi pulasitiki kumbuyo tija ndinatisiya. Chilichonse cholowa m'kamwa mwa mwana, dummy, nsonga za botolo, zipangizo zofinyira mkaka, kuwiritsa tsiku lililonse. Kusamba m'manja ndi sopo mukangosintha thewera. Muyang'anenso kumatako kwa mwana, ngati kuli kofiira kwambiri mpaka m'mapindikiro ndi timadontho tofiira m'mbali mwake, ndi thrush yomweyo yatsikira kumeneko, nakonso kumafuna mafuta ake. Anthu ambiri sasamala ukhondo ndiye amadabwa.

Membala wobisa dzina: Mayi Waukhondo, mukutanthauza kuti ndine wauve? Ndimachapa ndekha chilichonse m'nyumba muno ndi bala la opareshoni, anthu atatu akuluakulu atakhala pansi akuonera TV.

Mayi Waukhondo: Sindinatero ine mayi, ndangonena zomwe zinandithandiza.

Mzamba Wopuma: Mwatchula opareshoni. Ndiye munamwa maantibayotiki? Ndikufunsanso, inuyo mukupaka chiyani, ndipo mwana ali ndi miyezi ingati?

Nanenso Ndinavutika: Kodi nsonga zimasintha mtundu akamaliza kuyamwa? Zanga zinkayera mbuu ngati mulibe magazi, kenako n'kuda, kenako n'kufiira, ululu wake ngati akukutsina ndi pulayala. Kukazizira ndiye zinkanyanya, ngakhale potuluka m'bafa. Anati ndi timitsempha ta magazi timene timafinyika, vasospasm. Mankhwala a thrush sankagwira chifukwa si thrush. Chinandithandiza ndi kuphimba bere ndi kansalu kofunda akangolavula.

Gogo wa Zidzukulu 9: Wina akuti tsegulani, wina akuti phimbani. Mumupengetsa mwana wa eni.

Bambo Wongodutsa: Amene anati tsegulani ndinu nomwe gogo.

Gogo wa Zidzukulu 9: Iwe sunadutsebe?

Membala wobisa dzina: Pepani amzamba, mauthenga achuluka, mwana amalira. Maantibayotiki ndinamwa inde, kawiri, chifukwa bala linkatuluka madzi. Ine sanandipatse chopaka chilichonse, sindinawauze za mabere chifukwa mzere unali wautali ndipo ndinkaona ngati ululu ndi mmene kuyamwitsa kumakhalira. Nystatin ndimamupatsa mpaka zoyerazo zitachoka, masiku atatu kapena anayi, ndiye ndimasiya poopa kumuchulutsira mankhwala. Apongozi amati ndikumumwetsa mankhwala ngati nkhuku.

Mzamba Wopuma: Ee, ndiye mukanayamba ndi zimenezi mayi. Maantibayotiki amapha ndi mabakiteriya abwino omwe amene amaletsa Candida kuchulukana, n'chifukwa chake thrush imakonda kubwera pambuyo pake. Ndiye mwakhala mukuchiza mwana yekha, iye akachira amakatenganso kubere, inu n'kulandiranso kuchokera m'kamwa mwake, kumangopatsirana choncho. Amachiza onse awiri nthawi imodzi. Chachiwiri, mukusiya msanga. Zoyera zikachoka sikuti zatheratu. Nystatin kawirikawiri ndi 1 ml kanayi patsiku kwa masiku 7, ndipo mumapitiriza masiku ena awiri zitachoka. Muzimupatsa akamaliza kuyamwa kuti mkaka usatsuke mankhwala, ndipo osangothira kukhosi ayi, amagwira ntchito pamene akhudza, ndiye pakani pang'onopang'ono m'masaya monse, palilime ndi pankhama. Inuyo bwererani kuchipatala mukanene mosabisa kuti mabere akuwotcha, awaone ndi maso, akuoneninso mukuyamwitsa monga anenera Mayi wa Mapasa. Nthawi zambiri amapereka mafuta a miconazole 2% opaka pang'ono kunsonga mukamaliza kuyamwitsa kulikonse kwa masabata awiri, otsalira ooneka mumapukuta musanamupatsenso bere. Pakatha masiku angapo muyenera kumva kusintha. Sabata ikatha palibe kusintha, bwereraninso, mwina ndi mabakiteriya alowa pong'aluka, mwina ndi vuto la khungu, mwina mukufunika mankhwala akumwa a fluconazole, koma ameneyo akulembereni adokotala atadziwa mankhwala ena amene mukumwa. Zoyezetsa magazi zija musazitaye. Ndipo bere likatupa, kufiira, kutentha, thupi n'kumaphwanya ngati malungo, musadikire mawa. Kuyamwitsa pitirizani, mkaka wanu ulibe vuto, ndipo kusiyitsa mwadzidzidzi kungakutupitseni mabere kuonjezera pa ululu muli nawo kale.

Mayi wa Mapasa: Mwaonatu, ndinanena ine kuti akuoneni mukuyamwitsa.

Mlongo Wosabisa Mawu: Nanga ine amene ndimanyozedwa uja?

Mayi Waukhondo: Muonjezerepo kuti mkaka wofinya nthawi ya thrush osausunga mufiriji kuti mudzamupatse atachira, kuzizira sikupha Candida.

Mlendo Pagulu: Ine nystatin anakanika, mwana wanga anachira ndi Daktarin oral gel. Ingogulani ameneyo.

Mzamba Wopuma: Ayi, asangogula. Gel ameneyo ndi miconazole, amagwiradi bwino, koma ndi wonata ndipo mwana wosakwana miyezi 4 atha kutsamwa naye. N'chifukwa chake ndikufunsa msinkhu wa mwana kuyambira m'mawa.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Ndawawerengera apongozi zoti mkaka wanga ulibe vuto, angoti anthu a pa Facebook sadziwa kulera, pano atseka chitseko cha kuchipinda. Bambo ake akuti ndawachititsa manyazi. Mawa ndipita kuchipatala ndekha.

Mpongozi Ndine: Munawawerengeranso? Mayi inu mulibe mantha.

Gogo wa Zidzukulu 9: Ukapita ukawafunse za GV, uone ngati akane.

Mzamba Wopuma: Mayi, mwanayo ali ndi miyezi ingati?