Zoyatsira magetsi ndi pampu pa foni: ndigule, kapena ndalamayi ndimalizire mpanda?

Bambo a Shakira (ku Joni): Akuluakulu, mwaswera bwanji kumudziko? Ndithandizeni nzeru. Abwana anga kuno ku Johannesburg nyumba yonse amaiyendetsa pa foni, magetsi a panja, giza, geti, makamera, zonse. Amatha kukhala ali ku Cape Town n'kuzimitsa giza ya kuno. Ndakhala ndikuzionerera chaka chathunthu ndipo mtima wagwa nazo. Nyumba yanga ya ku Makawa ija yatha, kwangotsala mpanda mbali ya kunyanja. Ndapeza shopu ina, makamera awiri, maswitchi 6 a m'khoma, masoketi anayi, kaswitchi ka pampu ya pathanki, kuphatikiza rauta (kachipangizo kogawa WiFi m'nyumba) yolowa SIM, zonse akuti R5,500. Transipota akunyamuka Loweruka. Ndigule kapena ndalamayi ipite ku njerwa?

Aphunzitsi a ku Namwera: Njerwa, achimwene. Mpanda sufuna bandulo, sufuna netiweki, ndipo magetsi akathima umakhala uli chiimire.

Bambo a Shakira (ku Joni): Aphunzitsi, inu munakananso foni ya tachi mpaka ana asukulu anayamba kukusekani.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ndinakana, ndipo kafoni ka mabatani kaja mpaka pano kakugwira ntchito. Za tachi ndasintha zitatu.

Anti a ku Chembe: Ine ndinagula, ndiye ndiyankhule ngati munthu amene anapsa nazo pang'ono. Ndili ndi zipinda zinayi za alendo kuno ku Cape Maclear. Chimene chinandikopa n'chakuti alendo amapita kukasambira kuchilumba tsiku lonse atasiya fani ndi magetsi zikuyaka, mayunitsi n'kumangotha. Masoketi aja anandithandizadi, sindinama. Koma mwezi woyamba ndinatsala pang'ono kuwaponya m'nyanja. Magetsi akathima n'kubweranso, foni imangolemba kuti offline, offline, zonse. Ndimayenda chipinda ndi chipinda kuzula n'kulumikizanso, mlendo ali pabedi ine ndili chogwada kuseri kwa kabati. Kamera ndiye inali nkhani ina. Ndinaiika pakhonde pafupi ndi babu. Usiku umodzi wokha inanditumizira mauthenga osawerengeka kuti kwabwera munthu. Kuthamangira kukaona, ndi nalimata wakhala pagalasi penipeni akudya tizilombo tobwera ndi kuwala. Atachoka nalimata kunabwera kangaude, ulusi wake mwera ukamawomba kamera imati wakuba. Ndinatopa n'kuzimitsa mauthengawo, ndiye tsiku limene anandibera mapaipi kuseri ndinagona tulo tabwinobwino.

Mjomba wa IT: Anti, za offline zija vuto si masoketi ayi. Magetsi akabwera, kasoketi kamadzuka m'masekondi ochepa n'kuyamba kufunafuna WiFi, pomwe rauta imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti idzuke n'kugwira netiweki. Tina totchipa tikafunafuna osaipeza timangogonja. Mankhwala ake ndi kabatire ka rauta, kaja amati mini UPS ka 12V, kuti rauta isamathime n'komwe. Bambo a Shakira, pa mndandanda wanuwo kabatireka sindinakaonepo, koma n'koyenera kukhala koyamba kugula.

Anti a ku Chembe: Eya, n'zimene anadzandipangira mwana wa achemwali anga. Chiikireni kabatire kaja sindinagwadenso kuseri kwa kabati.

Aphunzitsi a ku Namwera: Mwaonatu. Sitinayambe n'komwe, R5,500 yayamba kale kubereka ana.

Amisiri a ku Mpondasi: Mundilole ndilowepo, chifukwa zikafika kuno woitanidwa kudzamanga ndimakhala ine. Alamu, nyumba yanu ija waya sindinakoke ndine, koma ndikudziwa mmene timakokera kuno. Pa switchi timatsitsa live yekha, waya wobweretsa magetsi, pomwe neutral, waya wobwezera magetsi, amathera pa babu kudenga. Maswitchi a smart ambiri amafuna neutral chifukwa iwo eni amadya magetsi usana ndi usiku kuti azimva WiFi. Ndiye mukagula osafunsa, tidzakwera mu siling'i kukoka waya wina pa switchi iliyonse, ndipo ngati paipi ya m'khoma ndi yopapatiza ndiye kugumula pulasitala amene mwangopaka penti kumene. Alipo olembedwa kuti no neutral, koma ena amachititsa babu ya LED kuphethiraphethira ikakhala yozimitsa, mpaka uikepo ka capacitor, kachipangizo koika pa babu kothetsa kuphethirako. Chinanso, mabokosi a m'khoma a ku Joni ambiri ndi a 4x2, athu kuno ndi a 3x3 achingelezi. Switchiyo mudzaigwira m'manja, pakhoma osalowa. Masoketi nawonso, a ku Joni ndi a mano atatu obulungira, athu ndi a mano atatu amakona. Mphamvu ndi imodzi, 230V konsekonse, koma mudzadzaza nyumba ndi ma adaputala, ndipo adaputala yolobodoka ndi imene imatentha n'kusungunuka.

Bambo a Shakira (ku Joni): Za mabokosi sindinaganizeko n'komwe. Nanga za pampu? Kunena zoona chimene chikundipweteka mutu ndi pampu. Ana amaiyatsa n'kupita kukasewera, thanki n'kusefukira mpaka madzi kulowa kwa aneba. Kawiri konse mayi a Shakira akapepesa.

Amisiri a ku Mpondasi: Imeneyotu si ntchito ya foni. Gulani float switch, kachinthu koyandama m'thanki. Madzi akadzaza kamadula, akatsika kamayatsa. Sikadziwa kuti kunja kuno kuli intaneti. Muikenso china choteteza kuti pampu isazungulire popanda madzi, chifukwa Okutobala ndi Novembala zitsime zimatsika, ndipo inu muli ku Joni mudzadina foni, foni idzakuuzani kuti pampu yayaka, koma siidzakuuzani kuti ikukoka mphepo. Pampu yozungulira youma imapsa. Komanso kaswitchi kamene akukugulitsaniko kayang'aneni kumbuyo. Tambiri tinalembedwa 10A, kutanthauza kuti timanyamula magetsi osapitirira ma amp 10. Giza ya 3,000W imakoka 13A, ndiye kameneko pa giza n'kuitana moto. Pampu nayo podzuka imakoka kangapo kuposa mmene inalembedwera. Ngati mukukakamira foni, kaswitchiko kazingolamula contactor, switchi yamphamvu yotha kunyamula magetsi ambiri, katundu wolemera azinyamula contactor.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ndipo magetsi a panja pali kaja ka day-night koyatsa kukada n'kuzimitsa kukacha. Kwathu kanaikidwa kalekale. Ndiye mwaona, pampu yapeza choyandama, magetsi apeza day-night. Foni yatsala ndi ntchito yanji? Komanso tisaiwale msanga. Januwale 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo panatha chaka n'kupitirira tikugawana magetsi ngati ndiwo zapamaliro. Nyumba yanzeruyo nthawi imeneyo ikanaganiza ndi chiyani?

Mjomba wa IT: Apo aphunzitsi mwalasa, koma mwapitirira pang'ono. Zinthu zimenezi sizidya magetsi ambiri. Rauta ndi makamera awiri kasola kakang'ono ndi batire imodzi zimakwanitsa usiku wonse. Kasoketi kamodzi kakangokhala kamadya pafupifupi 1W, ndiye khumi ndi mayunitsi 7 pamwezi, muwerengeretu. Chimene ine ndimaopa si magetsi, ndi intaneti. Totchipa tambiri timayendera app ya Smart Life ya Tuya kapena eWeLink ya Sonoff. Mukadina pafoni, uthenga umayamba wapita ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko, kenako n'kubwerera ku Makawa. Bandulo ikatha pa rauta, inu ku Joni mwachita khungu. Ndipo wodya bandulo wamkulu ndi kamera. Ikamatumiza chithunzi chooneka bwino pa 2 Mbps, ola limodzi ndi pafupifupi 900MB. Muiike memory card izisunga yokha, muzingosuzumira pakafunika, osati kuionerera ngati mpira. Njira yosadalira intaneti ilipo, ya Zigbee, yolumikiza tizipangizo popanda WiFi, ndi pulogalamu ya Home Assistant pa kakompyuta ka Raspberry Pi, zonse zimayendera m'nyumba momwemo ndipo tizipangizo tapamagetsi timapatsirana uthenga tokhatokha. Ine ndimaikonda, koma ikavuta pamafunika munthu wokhala nayo pansi usiku wonse. Ku Makawa munthu ameneyo ndi ndani?

Bambo a Shakira (ku Joni): Ndiwe, mphwanga. Sunadziwe?

Mjomba wa IT: Ndiye muwonjezere ya minibasi ndi ya chambo pa bajetiyo. Koma zoona, ngati mugule, musatumize zili m'mabokosi. Zitseguleni komweko. Rauta muipatse dzina ndi pasiwedi zimene izidzagwiritsa ntchito kuno, mulumikize chilichonse muli nacho pafupi, mumate kapepala pa chilichonse kuti ichi n'cha pakhonde, ichi n'cha kukhitchini. Zikafika kuno n'kungolowetsa SIM ya Airtel kapena TNM, zonse zidzaizindikira rautayo zokha. Mufunsenso kushopuko ngati rautayo siinakhomedwe kuti izigwira netiweki ya ku Joni yokha. Polumikiza, foni yanu ikhale pa WiFi ya 2.4GHz, chifukwa tizipangizo timeneti tambiri 5GHz sitiiona. Anthu amalimbana nazo tsiku lonse, kagetsi kakungothwanima, osadziwa kuti rauta yaphatikiza ziwirizo pa dzina limodzi. Mumangozilekanitsa, n'kugwira batani masekondi asanu mpaka kagetsi kathwanime mofulumira, basi. Mu app muli malo osankha kuti magetsi akabwera chinthucho chidzuke choyaka kapena chozima. Pampu ndi ayironi muike chozima, chonde. Nthawi ya Malawi ndi ya ku Joni ndi imodzi, ndiye ya koloko siivuta, koma mukasankha zoti ziziyaka dzuwa likalowa, muiuze kuti nyumba ili ku Mangochi. Disembala kuno kumada cha m'ma 6, uko dzuwa limafika mpaka cha m'ma 7, ana adzakhala mumdima akudikira dzuwa la ku Johannesburg.

Anti a ku Chembe: Ndipo rauta musaibise mu siling'i poopa ana. Yanga ndinatero, pansi pa malata, kutentha kwa Okutobala kuja. Masana aliwonse imakomoka, madzulo n'kutsitsimuka. Makoma a njerwa zootcha nawonso amadula WiFi, chipinda changa chakumapeto mpaka lero imafika mwa apo ndi apo. Mvula ikayamba mugule zoteteza ku mphenzi. Chaka chatha ndinataya kamera imodzi ndi thiransifoma yake usiku umodzi.

Mayi a Shakira: Pepani akuluakulu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete chifukwa nyumba imene mukukambayi ndimagonamo ndine. Za pampu ndavomera, amisiri abwere ngakhale mawa, ndatopa kupepesa kwa aneba. Koma bambo a Shakira, makamera awiriwo ayang'ana kuti? Pafoni munandiuza kuti ina ikhala pabalaza. Wakuba wake uti amene amafikira pabalaza n'kukhala pasofa?

Aphunzitsi a ku Namwera: Ine ndatuluka kaye, ndikamwe madzi.

Bambo a Shakira (ku Joni): Mayi a Shakira, si choncho. Ndimafuna ndiziwaonako ana akamadya, akamalemba homuweki. Zaka zitatu si masewera. Wamng'onoyo ndinamusiya akukwawa.

Mayi a Shakira: Mukafuna kuona ana imbani video, akuoneni nawonso. Kamera imaona mbali imodzi. Kuno kumatentha, munthu masana umakhala ndi chitenje chokha pabalaza, amayi anu akabwera amagona pamkeka pomwepo. Ndiye kanthu kali pakona kakuphethira. Ndipo pasiwedi yake adzakhala nayo ndani? Inu nokha, kapena ndi mnyamata wa kushopu amene akuikireni app?

Mjomba wa IT: Funso la alamuli ndi lenileni. Makamera ambiri amabwera ndi pasiwedi ya kufakitale, ena admin basi, ndipo anthu saisintha. Muisinthe tsiku loyamba, akaunti ikhale ya imelo yanu osati ya wogulitsa, ndipo alamu akhale nayo app pafoni yawo. Babu ikakana kuzima pakati pausiku, wodzuka ndi iwowo, osati inu.

Amisiri a ku Mpondasi: N'chifukwa chake ine maswitchi a m'zipinda ndimati asiyeni akhale a chala. Agogo akabwera kuchokera kumudzi asamachite kufunsa foni kuti apite kubafa.

Anti a ku Chembe: Koma musawagwetse ulesi kwambiri. Kamera ya pageti ine ndimaiyamikira. Wobweretsa simenti akati ndinafika 8 koloko ndi matumba khumi, umabweza n'kuwerenga wekha. Kwa munthu womanga ali kutali, imeneyo yokha imabweza ndalama yake. Ingoikani patali ndi babu, ndipo muzipukuta galasi ndi kansalu sabata iliyonse.

Bambo a Shakira (ku Joni): Chabwino, ndamva. Maswitchi 6 aja ndawasiya. Nditenga rauta, kabatire kake, kamera imodzi ya pageti ndi memory card, ndi masoketi awiri ndiyesere kaye pa magetsi a pakhonde. Amisiri, float switch ndi contactor mukagule konko ndikutumizirani ndalama, mundiuze mtengo ku inbox. Chotsala chipite ku njerwa, aphunzitsi asangalale. Kamera ya pabalaza yafa, mayi a Shakira, mwamva?

Mayi a Shakira: Ndamva. Malo amene atsala m'katoniyo muikemo nsapato za sukulu za Shakira, saizi 3, zakuda.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ndabwerako. Njerwa zikhale zootcha bwino, kunyanjako chinyezi chimadya khoma.

Amisiri a ku Mpondasi: Alamu, masoketi awiriwo musanalipire mujambule kumbuyo kwake munditumizire, ndione mano ake ndi ma amp. Thanki lanu ndi la malita angati, ndidziwe kutalika kwa chingwe cha choyandamacho?