Mnyamata wathu amatha mphamvu pa 32 km, koma mtima uli pa 2:08:10

Malume_wa_ku_Kapata

Moni nonse. Ndine mphunzitsi kuno ku Chipata, ndikufunsira mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 23 wothamanga mitunda italiitali. Ine mbali yanga ndi kumutsata panjinga ndi mabotolo a madzi, wotchi ili m'manja.

Theka la marathon amalimaliza mu 1:06:30, ndiyo nthawi yake yabwino koposa. Koma marathon yathunthu ikumukana. Pa mpikisano wina ku Lusaka anadutsa pa theka wotchi ikuti 1:07:10, ali m'gulu la kutsogolo. Pofika pa 32 km miyendo inauma, anayamba kukhwekhwereza mapazi, ena amene anawasiya kalekale n'kumamupitirira mmodzimmodzi. Anamaliza mu 2:29, nkhope ili mbuu ndi mchere wa thukuta.

Iye analemba ndi choko pachitseko chake 2:08:10, nthawi imene amuna ankafunika kuti apite ku Olympics ya ku Paris mu 2024. Akuti akapanda kumayamba ndi liwiro lalikulu sadzalizolowera. Pa sabata amathamanga pafupifupi 120 km, amakwera phiri la Kanjala kawiri, Lamlungu 25 km mumseu wa ku Mwami, ndipo masiku ambiri amathamanga modzipha. Kodi treningi ndiyo yochepa? Kapena tigulitse soya ndi nshawa za amai ake timutumize ku Kenya?

KochiWakale

Aphunzitsi, soya muyambe mwaisunga. Tengani kaye choko chomwecho tiwerengere limodzi.

Marathon ndi 42.195 km. Kuti munthu amalize mu 2:08:10 ayenera kudya kilomita iliyonse mu 3:02, osapumira. Pabwalo la David Kaunda ndiye kuti kuzungulira kamodzi mu masekondi 73, maulendo opitirira 105. Pa theka ayenera kudutsa mu 1:04:05, kenako n'kubwerezanso chomwecho ali wotopa. Mnyamata wanu theka limodzi lokha, atapereka zonse, amalimaliza mu 1:06:30. Ndipo malire amenewa akunka nathina: ku Olympics ya ku Tokyo anali 2:11:30, ku Paris 2:08:10, pa mpikisano wa dziko lonse wa 2025 anafika pa 2:06:30. Sindikunena kuti afufute pachitseko, ayi. Koma nambala imeneyo si ya chaka chino.

Tsopano onani zimene zinachitika ku Lusaka. Anadutsa pa theka mu 1:07:10, masekondi 40 okha kumbuyo kwa nthawi yake yabwino koposa. Kunena zoona iye anathamanga mpikisano wa 21 km, anaumaliza, kenako anapeza kuti kwatsala wina. Theka lachiwiri linamutengera 1:21:50. Munthu wa 1:06:30 wokonzekera bwino amayenera kukhala cha m'ma 2:19 kapena 2:20, ndiye kuti kudutsa pa theka mu 1:10. Iye anabwereka mphindi zitatu koyambirira n'kubweza pafupifupi khumi ndi ziwiri kumapeto. Ngakhale wa kaloba sadula chonchi.

Chimene chimachitika m'thupi n'chakuti minofu ili ndi nkhokwe ya shuga yochepa, imene imatha cha pakati pa 30 ndi 35 km. Ukathamanga mopitirira msinkhu wako, thupi limawotcha shugayo msanga m'malo mosakaniza ndi mafuta. Ikatha, kulimba mtima sikuthandizanso. Akatswiri amadziwa zimenezi. Kelvin Kiptum pothamanga 2:00:35 ku Chicago mu 2023, theka loyamba linali 60:48, lachiwiri 59:47. Ngakhale Eliud Kipchoge, pamene anayamba ndi moto ku Berlin mu 2022 n'kudutsa pa theka mu 59:51, lachiwiri linamutengera 61:18. Ngati Kipchoge analipira, nanga wa ku Kapata?

Ndiye mpikisano ukubwerawu alembe padzanja ndi bolopeni: 5 km 16:35, 10 km 33:10, theka 1:10:00, 30 km 1:39:30. Imeneyo ndi 3:19 pa kilomita, yopita ku 2:20. Makilomita khumi oyamba adzamva ngati akusewera, anzake adzamuthawa, anthu m'mbali mwa mseu adzakuwa kuti “wagona iwe!” Awasiye. Ambiri adzawapeza pa 35 km atagwira m'chiuno.

Pa treningi, 120 km si yoipa, vuto ndi kagawidwe kake. Masiku amphamvu akhale awiri pa sabata, atatu akachulukitsa. Ena onse azithamanga mofatsa moti n'kumacheza nanu muli panjinga. Ku Kaptagat ku Kenya, kumene Patrick Sang amaphunzitsa gulu la Kipchoge, amapitirira 200 km pa sabata, koma ambiri mwa makilomitawo ndi apang'onopang'ono. Long run, kuthamanga kwautali kwa Lamlungu kuja, ya 25 km ndiyo yaifupi. Aikweze pang'onopang'ono ifike 32, 35, nthawi zina 38, ndipo mu ina mwa imeneyi makilomita 10 kapena 12 omaliza akhale pa 3:19 yeniyeniyo, kuti miyendo iphunzire liwirolo ili yotopa kale. Tsiku lina lapakati pa sabata, 5 km katatu kapena kanayi pa liwiro lomwelo, akupuma ndi kilomita imodzi yofatsa. Kanjala kamodzi n'kokwanira, ndipo masabata awiri kapena atatu omaliza achepetse zonse.

NesiWaKuKatete

Malume, simunatiuze kuti amadya chiyani ali mumseu. Mwangoti mabotolo a madzi. Pa marathon madzi okha sakwana. Othamanga akuluakulu amamwa zakumwa za shuga pa 5 km iliyonse, ndipo pa ola amalowetsa magalamu 60 mpaka 90. Ma gel, timapaketi ta shuga ta othamanga, ndi odula, koma botolo la madzi lokhala ndi masipuni awiri kapena atatu a shuga ndi kamchere kotsina limagwira ntchito. Chachikulu azolowere pa long run, chifukwa m'mimba namonso mumafuna kuphunzitsidwa. Chimene sanachiyesepo Lamlungu asachilawe tsiku la mpikisano. Masiku awiri omaliza nsima, mpunga ndi mbatata zichuluke, nyemba ndi zamafuta zichepe.

China, mupite naye akayezetse magazi. Kuno kwathu malungo sasowa, ndipo mnyamata amene anadwala miyezi yapitayo akhoza kuoneka bwinobwino koma magazi ali ochepa. Azigona mu neti. Ndipo aliyense womubweretsera jakisoni kapena mapilisi “owonjezera mphamvu” mumuthamangitse. Akayamba kupambana adzamuyeza mkodzo, ndipo akamupeza ndi zoletsedwa ndi zaka zinayi ali pakhomo.

WaKabaza_Mchini

Ine akochi sindikugwirizana nanu pa za ku Kenya. Chipata ili pa mamita 1,100 ndi kanthu, Iten pa 2,400. Komanso kumeneko m'mawa uliwonse umadzuka ndi gulu, pano mnyamata mnzake ndi njinga ya amalume. Dziko lino timatchuka ndi Samuel Matete ndi Muzala Samukonga, onse a 400 m, Matete wa yolumpha zotchinga. Wa marathon amene anatiimira ku Rio mu 2016, Jordan Chipangama, anakulira pa masewerawa ali ku America. Ndani anafika patali akuthamanga yekha mumseu wa ku Mwami, malole akumuthira fumbi?

KochiWakale

Za gulu mwanena zoona achimwene, ndipo tsiku lina adzafunika kupita. Koma akapita lero ndi mutu womwewu, adzathamangitsana ndi anyamata a 2:06 pa fartlek ya Lachinayi, treningi yosinthasintha liwiro, mwezi usanathe abwerera ndi bondo lotupa, soya atapita. Ayambe waonetsa 2:20, kenako atsitse theka lake lifike cha m'ma 1:04. Ndi nthawi zoterozo m'manja ngakhale a Zambia Athletics ndi makalabu a asilikali kapena apolisi akhoza kumumvera.

Mlongo_wa_ku_Lundazi

Ndiwonjezere chimodzi chimene ambiri timachiphonya. Si mpikisano uliwonse umene nthawi yake imawerengedwa. Kuti World Athletics, bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, ivomereze, mpikisanowo uyenera kukhala pa kalendala yawo ndipo njirayo iyenera kuyezedwa ndi woyeza wovomerezeka, amene amayenda panjinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga pa gudumu lakutsogolo. Njirayo isatsikenso kupitirira mita imodzi pa kilomita. Musanalipire basi, funsani okonza ngati ali ndi setifiketi imeneyo. Ndipo musadalire wotchi ya GPS yokha, imakonda kuonetsa mtunda wochulukirapo. Azidina wotchi pa chikwangwani cha 5 km iliyonse. Akafuna nthawi yabwino asankhe malo athyathyathya ndi ozizira ngati Cape Town, osati kutentha kwathu kwa Okutobala.

Malume_wa_ku_Kapata

Zikomo kwambiri nonse. Ndamuwerengera zonse. Pa 1:10 wakwinya nkhope, akuti ndi liwiro la nkhalamba, koma wakopera manambala aja mukope. Kuchipatala tipita sabata ino. Funso lomaliza akochi: mseu wa ku Mwami uli ndi zitunda, nanga 3:19 tiziiyezera kuti?

KochiWakale

Pezani chigawo chathyathyathya cha 2 km, kaya cha ku Msekera kaya mumseu wa ku Lundazi, muchiyeze kangapo ndi njinga ya mita, muike miyala yopaka laimu pa 500 m iliyonse. Azipita ndi kubwerera pamenepo, muyambe 05:00 malole asanachuluke. Pa 500 m iliyonse wotchi iziti 1:39 kapena 1:40. Ikati 1:35 mulize belu achepetse liwiro, ndipo inu muzikhala kumbuyo kwake, osati kutsogolo, angayambe kupikisana ndi njinga.