Magalagadeya afa pampanda, ndibzalepo choyanga chanji?

Wa ku Area 47: Akuluakulu, magalagadeya apampanda akwinyika masamba, zipatso zauma gwa, tsinde lawola. Ndikufuna chomera choyanga chamaluwa, chakwathu konkuno, osati bougainvillea. Nditani?

Namadimba: Kukwinyikako ndi matenda a vairasi, amafala ndi nsabwe za zomera ndipo alibe mankhwala. Zulani ndi mizu yomwe, muwotche, musaponye pakompositi. Tsinde likawola ndiye kuti vuto lilinso m'dothi, choncho dzenje latsopano mukumbe patali mita imodzi kapena ziwiri, lakuya masentimita 45, muthiremo ndowa imodzi ya manyowa owolerana.

Gogo wa Maluwa: Mwanawe, yesa Thunbergia alata, wa maluwa achikasu okhala ndi diso lakuda pakati. Mbewu uviike usiku umodzi, ufese mvula ikakhazikika mu Disembala, motalikirana masentimita 30. Amazenga yekha pawaya. Kutentha kwa Okutobala kumamubweretsera akangaude ofiira kunsi kwa masamba, uzimuwaza madzi.

Namadimba: Ngati mpanda ndi wanjerwa, Combretum paniculatum ndiye mfumu, maluwa ake amafiira psuu mvula isanagwe. Koma ngolemera, amafuna mapaipi achitsulo, mitengo chiswe chimadya. Gondolosi nayenso amayanga bwino, kungoti mizu yake anyamata sangakusiyireni.