Njerwa za pulasitiki zang'aluka, ndipo utsi wake unali wowawa m'maso

Woumba njerwa, Chinamwali:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Timaumba njerwa zoyala pansi posakaniza mchenga ndi pulasitiki wosungunula mumgolo, ndipo ntchito inkayenda bwino pamene tinkagwiritsa ntchito majumbo ndi zigubu zokhazokha. Sabata yatha tinagula matumba atatu a pulasitiki wophwanya kale kwa anyamata otola m'mbali mwa Likangala. Titathira thumba loyamba, utsi wake unatiwawa m'maso ndi kukhosi, m'phalamo munatsala zibuluma zosasungunuka, ndipo njerwa zambiri zinang'aluka zitangozizira. Kutacha tinapeza fosholo ndi milomo ya mgolo zitachita dzimbiri. Pa tizidutswati manambala osonyeza mtundu wa pulasitiki sakuoneka, nanga matumba awiri otsalawa ndiwasankhe bwanji?

Mphunzitsi wa sayansi, Matawale:
Pepani bambo. Manambala 1 mpaka 7 aja, omwe anayambira ku America mu 1988, amathandiza chinthu chikadali chathunthu, choncho poti zanu ndi zophwanya kale, yambirani pa madzi. Tsukani tizidutswato, mutithire m'beseni la madzi momwe mwadonthezamo sopo pang'ono kuti mpweya usamatirire, kenako mutakase. Polyethylene, yemwe ndi wa majumbo ndi zigubu, komanso PP wa ndowa ndi zitsekerero zina, ndi opepuka kuposa madzi ndipo amayandama. PET wa mabotolo a zakumwa amamira msanga chifukwa amalemera pafupifupi magalamu 1.38 pomwe madzi ochuluka chimodzimodzi amalemera galamu imodzi. Zibuluma zanuzo ndikuganiza kuti ndi PET. Ameneyu amafuna madigiri pafupifupi 250 kuti asungunuke, pamene polyethylene amasungunuka pakati pa 110 ndi 135, ndiye amangokhala m'njerwa ngati mwala wosagwirana ndi chilichonse, ndipo mng'alu umayambira pomwepo.

Pulambala, Mpondabwino:
Aphunzitsi afotokoza bwino za zibuluma, koma za dzimbirizo wolakwa ndi wina. Achimwene, m'thumbamo munali PVC, kaya wa mapaipi kaya wokutira mawaya a magetsi. Ameneyu akapsa amatulutsa mpweya wa asidi, umene ukakumana ndi chinyezi umadya chitsulo usiku umodzi wokha, ndipo chimene chinadya fosholo yanu chinalowanso m'chifuwa mwa amene ankatakasa. PVC wa mapaipi amamira monga PET, kotero madzi sangawasiyanitse. Tengani waya wa kopa wosenda bwino, muuwotche mpaka ufiire, muukhudzitse pa kachidutswa, ndipo muubwezere pa lawi la gasi kapena la sipiriti. Lawi likasanduka lobiriwira, muli chlorine mmenemo, chizindikiro cha PVC. Muchite zimenezi panja, mphepo ikuchokera kumsana. Ena amati n'kokwanira kuwotcha ndi kununkhiza, poti polyethylene amamveka ngati kandulo, koma ine njira imeneyo sindiilimbikitsa.

Mayi wogula mapulasitiki, Sadzi:
Ndiwonjezepo zimene ndimaona posankha tsiku ndi tsiku, chifukwa beseni la madzi limanamanso nthawi zina. Timabokosi toyera togulitsiramo chipisi timayandama chifukwa cha mpweya uli mkati, koma ndi polystyrene, wa nambala 6, ndipo sagwirizana ndi phala lanu. Kumbali ina, mipando ina ya PP imamira chifukwa opanga amasakanizamo ufa wa miyala. Ine ndinatayapo thumba lonse la miyendo ya mipando poyesa kuti ndi PVC, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira ndalama imeneyo mtima umandipweteka. Palinso gulu limene silisungunuka ngakhale musonkhezere moto chotani, monga mbale za melamine ndi zogwirira zakuda za mapoto, chifukwa zikauma kufakitale zauma basi, pamoto zimangopserera. Ngati mukufuna kulekanitsa PP ndi pulasitiki wa zigubu, umitsani zoyandamazo n'kuziponya m'mafuta ophikira: PP amakhalabe pamwamba, wa zigubu amatsikira pansi. Majumbo asakuvutitseni, amadziwika ndi maso.

Woumba njerwa, Chinamwali:
Zikomo kwambiri nonse. Tayesa thumba lachiwiri masana ano. Zambiri zinayandama, ndipo mwa zimene zinamira munali tizidutswa totuwa tolimba tomwe tinabiriwitsa lawi nthawi yomweyo, pamene toonekera mkati sitinasinthe mtundu wa lawi. Zoyandamazo taumbira njerwa zisanu zoyesera, ndipo utsi wake sunatiwawe ngati uja. Mnyamata amene ankatakasa tsiku lija akadatsokomolabe, choncho mawa ndimuperekeza kuchipatala. Mayi a ku Sadzi, PET amene watsalayu mungamugule ali wophwanya chonchi?

Mayi wogula mapulasitiki, Sadzi:
Ndingamugule bambo, koma pokhapokha totuwato mutatichotsamo tonse, pakuti PVC wochepa chabe amawononga PET yense akamasungunulidwa, ndipo amene ndimawagulitsa ku Blantyre akangopezamo amabweza katundu yense. Mumuyanike aume, mubwere naye Lachisanu m'mawa.