Buledi wa mazira wa ku Vietnam: kodi n'zotheka kumukonza pa mbaula?

Mayi wa ku Tsangano:
Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa chakudya cha ku Vietnam chotchedwa bánh mì ốp la. Mwana wanga wakhala akuchitchula kwambiri, ndipo akufuna kuti tidzachikonze akabwera ku holide. Kwathu timaphika pa mbaula, uvuni tilibe, ndipo buledi amene timagula ndi wodulidwa kale m'masilayisi uja wa m'golosale. Kodi n'zotheka, kapena tingokazinga mazira n'kuika pakati pa buledi monga mwa masiku onse?

Bambo wa ku Dedza boma:
N'zotheka amayi, koma buledi wodulidwa kale uja mumuleke, chifukwa akangokumana ndi dzira lotentha amanyowa n'kufwafwanthuka m'manja. Chakudyachi chinachokera pa buledi wautali amene Afalansa anapita naye ku Vietnam m'nthawi ya utsamunda, ndipo cha m'ma 1950 anthu a mumzinda wa Saigon m'dzikomo anatchukitsa zomung'amba n'kumudzaza ndi nyama, masamba ndi tsabola. Buledi wawo ali ndi khungu lopyapyala lomwe limathetheka ukaluma, koma m'kati ndi wopepuka. Inu mugule mabanzi aatali osatsekemera, muwawaze timadzi pang'ono, kenako muwatembenuze pa waya pamwamba pa makala amene achita kale phulusa mpaka khungu liume. Mukawang'amba, mukolowoleko pang'ono za m'kati kuti papezeke malo.

Chimene ambiri amaiwala ndi zowawasa, ndipo popanda zimenezi mwangodya buledi ndi mazira basi. Mudule karoti mopyapyala ngati timitengo ta machesi, mumuthire mchere ndi kumufinya akayamba kutuluka madzi, kenako mumuviike kwa ola limodzi m'viniga wosakaniza ndi madzi ofunda ndi shuga. Ku Vietnam amaphatikiza ndi radishi yoyera yaikulu, koma papaya wosapsa amagwira ntchito yomweyo. Karoti ndi nkhaka simungasowe pa Lizulu kapena pa msika wanu wa Tsangano.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Bambo afotokoza bwino za buledi, ine ndiwonjeze za mazira. Musawamenye. Chiwaya chitenthe kwambiri ndi mafuta okwanira, muswere mazira awiri momwemo, ndipo muwasiye mpaka m'mphepete mwake mupserere pang'ono pamene chachikasu chija chikadali chamadzimadzi, chifukwa chimenecho ndicho chimakhala msuzi wa buledi yense. Pamwamba mudontheze soya sosi, ndikunena wamadzi wa m'botolo uja, osati nyama ya soya ya m'mapaketi. Pakani mayonezi m'banzi, ikani mazira, karoti wofinya bwino, nkhaka, masamba a dhania kapena anyezi wamasamba, ndi kambuzi woduladula. Kambuzi wathu ndi waukali, theka la mmodzi ndi lokwanira.

Mayi wa ku Bembeke:
Pa chachikasu chamadzimadzi sindikugwirizana nanu kwenikweni aphunzitsi. Dzira losapsa bwino likhoza kukhala ndi tizilombo ta Salmonella, ndipo ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi agogo sayenera kulidya lotero, makamaka mazira a pa msika amene sitidziwa kuti akhala masiku angati padzuwa. Akulu athanzi asankhe okha, koma enawa muwatembenuzire dzira lipse mbali zonse. Kuti buledi asaume, kazingani chiwindi cha nkhuku ndi anyezi, muchinyenye ndi majarini mpaka chisalale, n'kupaka m'banzi. Ku Vietnam nakonso amapaka chiwindi chonyenya chotere. Komanso kuno kumazizira, choncho zonse zikhale zili pa tebulo musanaswe dzira.

Mayi wa ku Tsangano:
Zikomo kwambiri nonse. Agogo ake a mwanayu tidzawatembenuzira dzira monga mwanenera amayi. Nanga viniga akasowa, madzi a mandimu angalowe m'malo?

Bambo wa ku Dedza boma:
Angalowe ndithu, koma muchepetse madzi, ndipo karotiyo mumudye tsiku lomwelo.